Mbewa Zanga ndi Filiji ya Amake Tisa

Anzanga, inu sekani lero lomwe, ine zinanditengera mwezi kuti ndiyambe kuseka. Cholinga changa chinali chabwinobwino: kudya mbewa mwamtendere pamene mkazi wanga, amake Tisa, anali atapita ku Mwape kukatenga amayi ake kuti adzaonetse maso kuchipatala kuno ku Petauke. Kodi pamenepa pali tchimo?

Vuto n'lakuti filiji ya pakhomo pathu ndi ya amake Tisa, anaikhetsera thukuta m'munda wa thonje zaka ziwiri, ndipo inabwera ndi lamulo limodzi: "M'filiji mwanga simulowa chinthu cha mchila." Pochoka anasiyamo nkhuku ziwiri zososola kale, zodzalandirira amayi awo, n'kundiuza kuti zikaonongeka ndidzafotokoza ndekha kwa apongozi.

Tsiku lachiwiri ndinapeza mbewa kumsika, akapuku okhaokha, onona, khumi pampani umodzi. Ndinadya zitatu, zotsalazo n'kusowa pozibisa, poti mphaka wathu amakwera paliponse kupatula m'filiji. Ndinakulunga mpaniwo m'nyuzipepala, n'kuulowetsa pansi penipeni m'mbali mwa bokosi la ndiwo zamasamba, chitseko n'kuchikankha ndi phazi. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Kutacha, filiji ikungolira osapuma. Masiku onse imalira pang'ono n'kukhala chete, ngati munthu wolima akatsamira khasu, koma tsikulo inali ng'uuu basi. M'mbali mwake mwatentha, madzi akumwa afunda, nkhuku zija zayamba kufewa. Mtima unangoti myuu! Nthawi yomweyo pafoni panalowa uthenga wa amake Tisa, munthu woumira mawu: "Kunyamuka mailo." Ndinati mailo ndiye mawa, Mulungu ngwabwino, ndili ndi tsiku lathunthu.

Ndinayamba ndi kagudumu ka manambala ka m'kati kaja. Ndinakaika pa wani, ikulirabe. Ndinakapotoza mpaka pa seveni, ndiye ngati ndaiputa. Ndinaiwomba khofi m'nthiti monga timachitira ndi wailesi, dzanja n'kutupa, iyo osamva.

Apa ndinaitana aLungu, mnansi wathu wokonza njinga, munthu amene chibadwire sananenepo kuti "sindidziwa". Anaika khutu pachitseko, n'kugwedeza mutu.

"Bambo, iyi yatopa na kutentha. Ng'ombe ikatopa mumaithila madzi."

Tinaviika bulangeti, la paukwati wathu lenilenilo, n'kuifunditsa filiji yonse. Mukuganiza kuti inathokoza? Inayamba kubuula ngati ya malungo, bulangeti n'kumatuluka nthunzi.

"Ndiye kuti ipumila kumbuyo," anatero aLungu. "Tiisendeze."

Titaisendeza tinapeza fumbi la zaka ziwiri, akangaude ndi ana awo, komanso chipeso chimene ndinkanamizira amake Tisa kuti anataya. Pofuna kusunga zovala ndinavula malaya ndi thalauza, n'kutsala ndi kakabudula kam'kati kamene kanasiya kale kusunga chinsinsi. Ndinapukuta timipaipi takuda tonse ndi tsache. Filiji, ng'uuu.

"Gasi yakhala pansi," anatero aLungu, osachita n'komwe manyazi. "Ipendeketseni kuti ikwele."

Ine n'kumvera, abale! Titangoipendeketsa chitseko chinatseguka, mazira phwa phwa phwa pansi, chigubu cha munkhoyo, thobwa la kwathu kuno, n'kugubuduka mpaka pakhomo chikulavula thovu. Pompo aLungu anakumbukira kuti wina akuwadikira ndi njinga yophulika tayala. Ndinatsala ndekha, ndinakankhanso chitseko ndi phazi lomwe lija, n'kubwerera kuseri ndi tsache langa.

Ndili chogwada kuseriko, ndinangomva, "Odi kuno!"

Mawu a amake Tisa. Anzanga, kwathu kuno mailo ndi mawa, mailo yemweyo ndi dzulo, ndipo ine ndinasankha wondikomera. Anthu ananyamuka dzulo, anagona ku Nyimba, ndipo tsopano anali pakhomo ndi katundu pamutu.

Tangoganizani. Ine amene chikwatire sindinawayang'anepo apongozi m'maso, amene ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire, lero andipeze ndi kakabudula ka mazenera, mawondo ali mazira okhaokha? Thalauza linali pampando, kutali ngati ku Lusaka. Ndinadzipanikiza kuseri kwa filiji, miyendo yokha ili pamtunda, n'kuyamba kuomba m'manja komweko.

"Muli tyani, apongozi?" anafunsa amayiwo, akulonjera mapazi anga.

"Nili bwino amama, nikonzako filiji pang'ono."

Amake Tisa anatula katundu pansi mwaphuma. Ndinachita mantha enieni. Koma apongozi, amene kwawo kulibe magetsi, amene tinawaitanira kuchipatala chifukwa cha maso, anaponda mosamala pakati pa mazira, n'kuchotsa bulangeti lija, n'kuyendetsa dzanja m'mbali mwa chitseko.

"Mphepo ituluka apa," anatero. "Nyumba yosatseka chitseko, kuzizila kungakhalemo tyani? Mphila wa pachitseko uyu waluma kamtengo."

Anakoka kamtengoko. Nyuzipepala inatsala m'kati, ndipo panatuluka mpani wanga, akapuku asanu ndi awiri ali ndondondo, michira ili lende. Nsonga yake ndiyo inatsekereza chitseko kuyambira dzulo, filiji n'kumavutika kuziziritsa Petauke yense. Anatseka chitseko ndi chala chimodzi, chinangoti phaa.

"Atate ake Tisa," anatero mkazi wanga mofatsa kwambiri, "ivi ni vichani?"

Ndinayamba kuganiza za kumene ndikagone sabata imeneyo. Apongozi ananunkhiza mbewazo, n'kuseka chamumtima.

"Iwe mwana, usakalipile mwamuna wako. Adziwa kuti nkhuku za m'tauni zilibe kukoma, lomba wanisungila ndiwo yeniyeni. Si tetyo, apongozi?"

Ndikanati chiyani? Ndinaombanso m'manja kuseri kuja. "Ni zanu amama, zonse."

Anatuluka nazo panja kuti mkamwini avale. Pomwe ndinkamaliza kukolopa mazira ndi munkhoyo, filiji inangoti zii, koyamba chiyambire dzulo, ndipo m'bata limenelo ndinkamva bwinobwino apongozi pakhonde akukukuta akapuku anga, mmodzimmodzi, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Nkhuku zinapulumuka, zinaphikidwa tsiku lomwelo, ine mbale yanga inabwera ndi zipalapasiro ndi khosi. Bulangeti ndinachapa ndekha aLungu akundiwonerera pampanda, n'kumandiuzanso kachapidwe kake.

Kuchipatala anati apongozi akufunika magalasi. Ine sindinakhulupirire, poti maso omwewo anaona chimene chinatikanika amuna awiri a ndevu.

Kuchokera tsikulo mbewa ndimadyera kumsika komweko, chiimirire, n'kupukuta pakamwa ndisanafike pakhomo. Filiji ikalira ndimayamba ndayang'ana chitseko ndisanavule thalauza. Ndipo uthenga wa mailo ukalowa, ndimaimba foni pompo: "Amake Tisa, mailo wake uti, wakutsogolo kapena wapita?"