Sabata yopanda lamba

Lolemba
Ndaganiza zosiya lamba, uja amagwira mwendo wanga woikirira pamwamba pa bondo kuti usavuke. Chindidulireni mwendo pa ngozi ya matola zaka zitatu zapitazo, ndimam'manga m'mawa uliwonse, ndipo amatukumula buluku ngati ndabisamo chinangwa. Lamlungu ndi tsiku langa loyamba kuyendetsa mbale ya chopereka kutchalitchi kuno ku Bolero. Ndikufuna anthu aziyang'ana mbale, osati bondo.

Nzeru yake: chitsa cha mwendo chikathina bwino m'soketi, chikho cha mwendo woikirira chimene chitsacho chimalowamo, lamba ngwachiyaninso? Zofunika: masokosi atatu pachitsa, kuyenda mwaulemu, akazi anga, mayi a Chisomo, asadziwe.

Lachiwiri
M'mawa zikuyenda. Masana chitsa chaphwa, soketi ikugwedera. Ndikulemba pabolodi m'Folomu 2, ndikutembenuka, phazi silikutembenuka nane. Ine ndayang'ana ophunzira, ilo laloza ku Hewe. Sokosi yachinayi ndakavalira kuchimbudzi.

Lachitatu
Ndagula chubu chakale cha njinga yamoto. Ndadula, ndaveka kuchokera pasoketi kufika pantchafu. Chagwira! Kupita kusukulu ndi kubwerera, osagwedera. Koma kutentha. Thukuta ladzadza m'soketi, sitepe iliyonse ikulira fwee. Ahedi, munthu waulemu wake, angonyamuka n'kutsekula mawindo a ofesi.

Lachinayi
Mvula. Chubu chikuterera ndi thukuta, ndachivula. Masokosi asanu. Panjira yachidule ya kumsika mwendo watitimira m'matope, ine ndapitirira. Ndakhala pansi, iwo uli chilili kumbuyoko, nsapato ndi zonse. Mayi wina wogulitsa tomato wauzula n'kundipatsa ndi manja awiri, atagwada pang'ono. "Phepani chomene, asambizgi," watero, ndiko kuti pepani kwambiri, aphunzitsi. Wandiikiranso tomato awiri m'thumba.

Lachisanu
Pansonga ya chitsa patuluka thuza. Ndaimbira foni amene anandipangira mwendowu ku Mzuzu. Ndayamba ndi kuti ndikufunsira mnzanga wina. "Muwauze anzanuwo kuti soketi yawo inapangidwira lamba. Ndipo muwauzenso, aphunzitsi, kuti ndawazindikira mawu." Akuti ilipo ina yogwira ndi kachitsulo kolowa m'munsi, koma mpaka kukayezedwa mwatsopano, ndipo mzere wake ngwautali. Pakadali pano: kutsuka, kuumitsa, osapondera.
Ndapondera.

Loweruka
Thuza laphulika. Mayi a Chisomo amupeza lamba m'thumba la chimanga momwe ndinam'bisa. Awiritsa madzi, atsuka balalo, alipukuta ndi nsalu yoyera. Kenako: "Bambo a Chisomo, tomato uja wa Lachinayi ndinam'dziwa kale nkhani yake. Msika wonse ukuidziwa."
Ndayesa kuvala mwendo ndi lamba yemwe. Sizikutheka. Chitsa chatupa, sichikulowa.

Lamlungu
Ndapita ndi ndodo ziwiri, buluku nditalipinda n'kulibaya ndi pini. Mwendo watsala kunyumba, utatsamira bedi. Mbale ayendetsa a Gondwe, mkulu wampingo wa maso ofooka uja, ndipo adumpha mabenchi awiri athunthu. Anthu a m'mabenchimo sanadandaule. Ine ndakhala kumapeto, pafupi ndi khomo. Abusa pondipatsa moni akuti mwezi wamawa mpata ulipo, ndikachira.
Ndavomera. Mawa ndikupempha tchuthi cha masiku atatu. Pa fomu, pofunsa chifukwa, ndilemba kuti malungo.