Kalilole anafufuta ntchito ya Tiwonge

Mpaka lero ndikadutsa pa Jenda basi ya ku Joni itaima, ndimayang'ana kumbali. Nkhani yake ndi yamanyazi, ndipo chitsiru m'nkhaniyi ndine.

Mu kaofesi kathu pa Mzimba boma tinalimo atatu: abwana, ine ndi mtsikana wina dzina lake Tiwonge. Tinkalemba pulogalamu yotumizira alimi a ku Champhira mitengo ya chimanga pa foni. Khodi yathu yonse, kutanthauza zomwe tinkalembazo, inkasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu ya ku Lilongwe, yomwe inkakomoka pafupipafupi. Ndiye ndinakonza kompyuta yakale pakona kuti izikopera zonse za ku Lilongweko, ndipo tinkaitcha kalilole. Seva ikagwa, tinkatenga khodi pamenepo n'kupitiriza ntchito. Lamulo linali limodzi, ndipo ndinaliika ndekha: pa kalilole timangotenga, sitiikapo kanthu, chifukwa seva ikadzuka kaliloleyo amadzifananitsa nayo, chilichonse chachilendo n'kufufutika.

Sabata yoti Tiwonge asiye ntchito n'kusamukira ku Joni, seva inagwa n'kukhalitsa. Iye anali atamaliza gawo lotumiza mauthenga m'Chitumbuka, koma analibe poliika.

"Ndingokusiyirani pa fulashi, achimwene," anatero. (Zaka zonsezo ankanditchula achimwene. Mawu aulemu, koma ankandiluma ngati linthumbu.)

"Fulashi ndi ya ana asukulu," ndinayankha mapewa ali m'mwamba. "Ndikutsegulirani kalilole."

"Ndapota, si inu munati sitiikapo kanthu?"

"Anakhoma ndine, kiyi ndili nayo."

Zoona zake, ndinkafuna andione ukatswiri, mwina n'kusintha maganizo za ulendowo. Ndinatsegula, anaikapo ntchito yake, ine n'kulonjeza kuti ndiisamutsira ku Lilongwe seva ikangodzuka. Kenako ndinadzipereka kumuperekeza mpaka ku Jenda, nditanyamula chikwama chake ndi mawu achikondi omwe ndinali nditawayeserera m'bafa. Chikwama chinakwera basi, mawu anatsala pakhosi. Ndinangomuuza kuti asamale foni pa boda.

Seva inadzuka ine ndili m'minibasi yobwerera. Pofika ku ofesi, kalilole anali atagwira ntchito yake mokhulupirika monga ndinamuphunzitsira. Gawo la Tiwonge kunalibe.

Abwana sanakalipe. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Msika ukutsegulidwa, alimi akudikira mauthenga m'chilankhulo chawo. Mbwenu muimbireni."

Ndinachita manyazi, inde, koma mumtima ndinkavina. Ndinali nditapeza chifukwa chomuimbira. Ndinapesa tsitsi (kuimba kwake kunali kopanda vidiyo) n'kuimba.

Tiwonge anaseka mpaka kutsokomola. "Ndimakudziwani chomene, achimwene. Zonse zili pa laputopu yanga." Tisanamalize n'komwe kufunsana za moyo, ntchito yonse inali itafika, yosasowa ngakhale kadontho.

"Pali chinanso?" anafunsa.

Chinalipo. Ndinayang'ana mpando wake, pomwe anasiya kapu yake ya tiyi yothyoka chogwirira.

"Palibe," ndinatero.

"Yewo, achimwene. Mukhome kalilole uja."

Ndinakhoma, ndipo sindinatsegulenso. Alimi amalandira mauthenga awo, seva ikagwa ntchito siima, abwana amati ndinaphunzirapo. Koma ine ndimamusowa Tiwonge, ndipo chimene chimandipweteka si kutsegula kalilole kuja ayi. Pulogalamu ija inali ndi mafayilo ambirimbiri. Ndikanakhala ndi nzeru, ndikanamapempha imodzi imodzi, bwenzi mpaka pano ndikumuimbirabe.