Masampu Awiri a Malemu Likongwe

Aliyense amene anakhalako mumpanda wathu wa ku Syokimau, m'mphepete mwa Nairobi, akudziwa kuti malemu Gresham Likongwe sankasankha kanthu popanda msonkhano. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu mu ofesi yogula katundu ya bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo atapuma, ofesiyo inawatsatira kunyumba. Mukawafunsa ngati amwe tiyi kapena khofi, ankayamba avula magalasi. Mwana wawo Tamanda anakhala miyezi iwiri wopanda dzina, mpaka abusa anaopseza kuti amubatiza Nkhani Zotsalira.

Akazi awo, Mayi Eness, anali ataphunzira kakhalidwe kake. Ankagula kaye chinthu, kenaka n'kuitanitsa msonkhano woti chivomerezedwe. Chimodzi chokha sankaloledwa kuchikhudza: galimoto.

Inali Mustang yofiira ya 1969, ya chiwongolero kumanzere, yomwe a Likongwe anagula kwa mnzawo wa ku America amene ankabwerera kwawo. Tsiku loyamba lomwelo inagwera m'dzenje n'kuphwanya sampu, beseni lachitsulo la pansi pa injini momwe mumakhala oyilo. A Likongwe anaitanitsa masampu awiri kunja. Ina inali yakuya, yonyamula oyilo wambiri, yokomera injini koma yolendewera pafupi ndi nthaka. Inayo inali yosaya, yoyenera misewu yathuyi koma ya oyilo wochepa.

Masampuwo anakhala pa tebulo lodyera zaka zisanu ndi chimodzi. Alendo ankadyera m'mbali mwake. Mu yakuyayo Mayi Eness anafika pomavundikiramo mapeyala, ndipo ankati amapsa bwino.

"Bambo a Tamanda, kodi chaka chino tisankha?"

"Mayi, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri."

"Mbali zonse ndimazipukuta fumbi ndine. Ndikuzidziwa."

"Tidikire lipoti la fundi."

Fundiyo, makaniko wa ku Mlolongo dzina lake Mutiso, anali atapereka kale malipoti anayi, onse a mawu omwewo: "Mzee, ikani iliyonse."

Tsono a Likongwe analinso mlembi wa komiti ya mumpandamo. Ndiwo anamenyera nkhondo hampu ya pa geti yochepetsa liwiro la magalimoto, naimirira padzuwa ndi tepi kuti amisiri asabe ngakhale sentimita imodzi. Inatuluka hampu yomwe oyendetsa matakisi ankaitchula Phiri la Kenya. Ndiwonso analemba lamulo lakuti galimoto yosatha kuyenda yokha mpaka kutuluka pa geti ndi chiphapha, ndipo idzakokedwa n'kuperekedwa kwa ogula zitsulo. Polemba ankaganiza za matatu, minibasi yakufa ya munthu wa pa nambala 9. Matatuyo inakokedwadi. Kenaka komiti inayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti chiphapha chatsala chimodzi.

Kalata yochenjeza a Likongwe anailemba okha ngati mlembi, naisayina, naidinda chidindo. Anatuluka panja, nagogoda pakhomo pawo pomwe.

"Mayi, sayinani apa kuti mwalandira."

Mayi Eness anawerenga ali chiimire. Malire: Loweruka, 12 koloko masana. Iwo galimotoyo sankaikonda. Inawalanda tebulo ndi malo oyanika zovala. Koma ankadziwa chimene komiti sinkadziwa, kuti m'moyo wawo wonse bamboyu anagula chinthu chimodzi chokha mosafunsa munthu, chifukwa chongochikonda basi. M'mawa uliwonse ankachipukuta akung'ung'udza nyimbo. Chikapita kukadulidwa zidutswa, chidzatsale cha amuna awo n'chiyani?

Loweruka Mutiso analawirira. Batire, petulo, mapulagi, zonse anali atakonzeratu. Chinatsala ndi sampu. Nthawi ya 9 koloko a Likongwe anatuluka atavala suti, pepala lili m'manja.

"Titaunika mbali zonse, tasankha yosaya."

Mayi Eness anapuma mpweya womwe anausunga zaka zisanu ndi chimodzi. Mutiso anakwawira pansi pa galimoto. Kunamveka kugogoda, kenaka kutukwana kwa m'Chikamba, chilankhulo chakwawo, kenaka zii. Anatuluka sampu ili pachifuwa.

"Mzee, haiingii. Sikulowa."

"Sikulowa bwanji?"

"Mimba yake ili kumbuyo, ikugunda chitsulo chopingasa. Iyi ndi ya galimoto ina."

"Ya galimoto ina?" anatero Mayi Eness. "Zaka zonsezi tinkadyera pambali pa sampu ya eni ake?"

"Panalibe amene anapereka ganizo loti tiyeze," anayankha a Likongwe motsitsa mawu.

Anakhuthula mapeyala mu yakuya ija, naitsuka ndi petulo. Mutiso anayamba kumanga mabawuti limodzilimodzi, thukuta likulowa m'maso. Itakwana 11 koloko, galimoto yokoka ziphapha inafika n'kuima kunja kwa geti, woyendetsa wake akuwongola matcheni mwadala kuti azilira. Wapampando wa komiti, Mayi Nyambura, anatulutsa mpando wapulasitiki n'kukhala moyang'ana hampu, wotchi ili pabondo. Ena a komiti anakhala kumbuyo kwawo ngati pa bwalo la milandu.

"Bwana mlembi, lamulo ndi lanu lomwe," anakuwa Mayi Nyambura. "Ife tangobwera kudzalilemekeza."

"Ndipo mukuchita bwino, a pampando," anayankha a Likongwe.

Kutatsala mphindi makumi awiri, injini inadzuka. Inatsokomola kawiri, kenaka inabangula mpaka mawindo a nyumba zitatu ananthunthumira, agalu onse a mumpanda nayamba kuuwa. A Likongwe anakhala pa chiwongolero, naiyendetsa pang'onopang'ono kulowera ku geti. Mutiso anagona chammbali pa simenti, diso lili pansi pa galimoto. Matayala akutsogolo anakwera hampu, nayamba kutsikira kuseri.

"Simama! Imani, mzee!"

Mimba ya sampu inali itatsala pang'ono kupsompsona nsonga ya hampu. Kungopitirira, chitsulo chikanang'ambika, oyilo yense n'kutayikira pamaso pa komiti. Anabwerera m'mbuyo.

"Tikusowa chala chimodzi," anatero Mutiso.

Anapopa matayala mpaka kuuma gwa. Anatsitsa tayala lapadera, jeke, ndi mafayilo asanu ndi awiri a komiti omwe ankasungidwa pampando wakumbuyo. Anayesanso. Kunatsala theka la chala. Panja tcheni linalira. Mayi Nyambura anayang'ana wotchi.

A Likongwe anatsika kuti akadzionere okha. Pamenepo Mayi Eness anaona chimene amuna onsewo sanachione: bamboyo atangochotsa thupi lawo pampando, galimoto inanyamuka m'mwamba pang'ono ngati bulu womutula katundu. A Likongwe anali munthu wathupi, wa makilogalamu opitirira zana.

Mayi Eness anawayandikira, nalankhula chapansipansi kuti komiti isamve.

"Bambo a Tamanda, lamulo lanu likuti ayendetse ndani?"

"Likuti galimoto iyende yokha."

"Sindinafunse zimenezo. Ayendetse ndani?"

"Pamenepo lamulo silikunenapo kanthu."

"Ndiye bweretsani makiyi."

A Likongwe anavula magalasi. Mayi Eness ankadziwa kuti magalasi akavulidwa nkhani inkatha mwezi. Zinatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Bamboyo anayang'ana galimoto yomwe anaiyembekezera zaka zonsezi, nayang'ana akazi awo, kamayi kochepa thupi komwe tsiku lililonse kankalimbana ndi mamatatu pa msewu wa Mombasa popita kuntchito ku Hurlingham.

"Kilatchi ndi yolimba," anatero, nawapatsira makiyi m'dzanja.

Mayi Eness anavula nsapato. Mpando unali kutali, chiwongolero chili mbali yolakwika, boneti yaitali ngati tebulo la ukwati. Hampu sankaiona n'komwe. Ankangoona amuna awo akuyenda chafutambuyo kutsogolo kwa galimoto, manja ali m'mwamba, akukodola ndi zala. Matayala anakwera. Anafika pansonga.

"Pole pole, mama," anatero Mutiso ali pansi. "Pang'onopang'ono. Twende, tiyeni."

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, khwee, ngati mpeni pa mwala. Munthu wina wa komiti anatseka maso. Mayi Eness sanaime. Matayala akumbuyo anakwera, natsika, ndipo Mustang inatulukira pa geti n'kukaima mphuno ndi mphuno ndi galimoto yokoka ija.

Panalibe woomba m'manja. Onse anawerama kuyang'ana pansi. Mutiso anasolola mpango woyera m'thumba la suti ya a Likongwe, naupukutira kumimba kwa sampu, naukweza m'mwamba. Unali ndi fumbi la simenti basi, wopanda dontho la oyilo.

"Yatsala mphindi imodzi," anatero Mayi Nyambura akupinda mpando. "Bwana mlembi, lembani."

Koma mlembi anali atatsamira pa windo la galimoto yake.

"Mayi, ikumveka bwanji?"

"Takwerani mumve nokha."

Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse popita ku tchalitchi ku Lang'ata, ankayendetsa ndi Mayi Eness. Akafika pa hampu ankaima, a Likongwe n'kutsika ndi suti yawo, kuyenda chafutambuyo akukodola ndi zala, kenaka n'kukweranso kuseri kwa geti. Anachita zimenezi zaka ziwiri. A Likongwe anatisiya mwezi wa Ogasiti chaka chatha atadwala masiku ochepa, ndipo anakaikidwa kwawo ku Ntcheu.

Mumpanda muno masiku ano muli phee. Galimoto ija ikadalipo, ndipo popanda mwini wake imatha kudutsa pa hampu mosavuta konse. Komabe Mayi Eness akafika pamenepo amaima, injini ikuguguda, kwa kanthawi kokwanira munthu wathupi kutsegula chitseko, kutsika ndi kukonza jekete. Mlonda amagwira geti n'kuyang'ana kumbali. Ndipo m'Nairobi muno, momwe munthu amakuimbira hutala usanalakwe n'komwe, magalimoto a kumbuyo kwawo amangodikira.