Mkodzo wa ku Partick

Lolemba
Mtima ukungothamanga, tulo palibe. Kuchipatala akuti zonse zili bwino. Bwino pati? Mnzanga wa kuntchito wandilozera dokotala wa ku Tibet, ku Partick konkuno ku Glasgow: amagwira mtsempha wa pamkono, amaona mkodzo wam'mawa, mankhwala ake ndi azitsamba. Azitsamba! Kwathu ameneyo ndi sing'anga basi. Chonsecho Lamulungu lino akundiveka yunifolomu ya Mvano. Mpingo ukangomva, andidula. Pasapezeke wodziwa.

Lachiwiri
Malamulo ake: ukafuna kutapa mkodzo mawa, lero osamwa tiyi, osadya tsabola, osakwiya. Tiyi ndapirira. Kenako ndikutuma Tadala, mwana wobereka ndekha, kuti atsuke mbale, iye akuti "How?", m'Chizungu cha kuno ndiye kuti "Chifukwa chiyani?" Ndakwiya. Mkodzo wa mawa wawonongeka.

Lachitatu
Lero ndiye ndasamala. Samusa ya ku Pollokshields ndangoinunkhiza, malovu gwa!

Lachinayi
Mkodzo m'botolo la jamu, botolo m'sokosi, m'pulasitiki, m'chikwama. Basi isananyamuke ku Easterhouse, awo Mayi Busa, khale pambali panga. Botolo likungoti khutchukhutchu.
"Mwanyamula chiyani, Nabanda?"
"Uchi, mayi."
"Ambuye ndi abwino! Abusa akutsokomola, tigawireniko."
Ndatsikira pasiteji posadziwika, thukuta kamukamu m'chisanu chonsechi. Mkodzo wazizira, bodza ndanena. Mayo ine!

Lachisanu
Ndafika kwa dokotala ndi mkodzo wina, pasitima, mpango mpaka m'mphuno. Bamboyo wandigwira mkono nthawi yaitali. Watakasa mkodzo ndi kamtengo, akuyang'ana thovu. Akuti thupi ndi maganizo n'chimodzi, nthenda yanga ndi mphepo, imadza ndi nkhawa. Mphepo! Glasgow yonseyi ndiithawira kuti? Akuti: zakudya zotentha, kugona msanga, kusasunga zinthu kukhosi. Chachitatucho pepani bambo.

Loweruka
Ndafa ine. Uthenga wothokoza dokotala ndautumiza molakwitsa ku gulu la pafoni la amayi a Mvano. Mkodzo, zitsamba, zonse zili momwemo. Onse awerenga. Woyankha palibe. Bulauzi yoyera ndikusita ndi misozi.

Lamulungu
Andiveka! Wodzudzula palibe. Potuluka Mayi Busa akundikokera kuseri kwa tchalitchi: "Paja dokotala wanu uja amaonanso za BP? Abusa sakugona." Pambuyo pawo wa bondo, wa shuga, wa msana, onse monong'ona. Ku Partick sangapondeko, angaonedwe. Akuti poti ine ndadziwika kale.
Kaya. Mawa ndikwera basi ndi mikodzo ya mpingo wonse.