Tsiku limene ndinameza mgodi wa pa Zomba

Amene akuti ndikunama abwere andinyamule. Bwerani, a Chikopa, si inu mumadzitama kuti mumasenza matumba pamsika? Ndisuntheni pabenchi pano tione!

Matipate atangoyamba kumene, ndinali ndi dimba la masitiroberi pamwamba paphiri la Zomba, ndipo ana anga onse amadya ndi kuphunzira ndi dimba lomwelo. Tsiku lina ndinangoona akatswiri a miyala ali m'mizere yanga ndi tinyundo tawo, mkulu wawo mayi wamagalasi, waswa mwala, waunyambita. Inde, ndi lilime, munthu wa madigiri! Akuti malovu amachotsa fumbi, mtundu wa mwala uoneke. Panatulukadi kamzere kobiriwira, konyezimira.

Ndinafunsa ngati akumba. Mayiyo anati, “Ife sitikumba, bambo, timangoloza. Tikakhoma chikhomo chofiira, eni mgodi amabwera ndi zimathirakitala zawo.” Chikhomocho anachikhoma pakati pa dimba langa.

Mtima unandipweteka, abale. Koma ndinati ngati chuma chimatuluka ndi lilime, lilime ndili nalo. Iwo atangotsikira kutauni kukatenga makina oboolera, ine ndinagwada pathanthwe, kunyambita, kunyambita, mpaka kamzere kaja kanafewa, ndiye ndinakatsopa mmene mumatsopera mafuta a m'fupa, kakubwera, ine ndikumeza, kakubwera kuchokera pansi pa mapaini, pansi pa damu, mpaka nsonga yake inasololoka ku Malosa, phiri lonse n'kuphwa, anthu a ku Mbedza kudabwa kuti dzuwa lachedwa kulowa. Mukumva?

Makina atafika anaboola apa, anaboola apo, kumangotuluka miyala yamphako ngati chisa cha njuchi. Mayi uja thukuta kamukamu, watulutsa kampasi, singano ikuloza pamimba panga. Ndazungulira kumbuyo kwake, singano yanditsata. Anavula magalasi nati, “Bambo, mgodi uja ndinu.”

Anazula chikhomo, dimba linapulumuka. Potsika, minibasi inaphulika matayala onse nditangoponda pakhomo pake, ndipo ndinafika kuno ku Zakazaka wapansi, mapazi akusiya maenje m'tala.

Mukuseka, a Chikopa? Lozani mgodi paphiripo ngati ulipo! Akampani ya migodi amabwerabe kudzandipatsa moni, ati kudzaona ngati ndadzuka bwino, maso ali pamimba. Ana anga ndawauza kale: ndikadzafa, dzenje likhale lakuya, pamwamba simenti, ndipo munthu aliyense wobwera pamaliro ndi kanyundo abwezedwe pachipata.