Bere la Mbuzi M'bokosi la Ayisi

Masiku ano ndikamadutsa pamsika wa Bangula, anyamata opha mbuzi amayamba kulira mee! Ine sindiseka nawo. Ndifotokoza kamodzi kokha, nkhani ithe.

Mwana wanga Malita amagwira ntchito mu labu kutauni. Atabwera kumudzi nyengo yotentha, analawirira kophera mbuzi n'kukapempha bere la mbuzi yoyamwitsa. Chiwindi ayi, mwendo ayi: bere. Analiduladula, n'kuika tizidutswato m'timabotolo ta madzi ofiirira, n'kutsekera m'bokosi la ayisi.

"Zimenezo n'zachiyani?" ndinafunsa.

"Tikazilera m'timbale, Baba. Timazidyetsa, zimakula. Tikufuna kudziwa mmene bere limapangira mkaka, ndi mmene khansa imayambira. Chonde, bokosili lisatsekulidwe. Zikatenthedwa zifa."

Ndaweta mbuzi moyo wanga wonse. Bere lokula popanda mbuzi sindinalionepo. Chinthu chodya chopanda pakamwa, chokana dzuwa, chogona m'madzi onga magazi, kwathu kuno timachidziwa. (Komanso foni ya mwanayo inali yaikulu kuposa msinkhu wake.) Ndinati mumtima, mwana wanga amulowetsa zokhwima.

Atapita kukalonjera azakhali ake, ndinamanga bokosilo panjinga, ulendo kwa abusa. Kunyumba kunalibe, anali kudimba cha ku Shire. Ndinawalondola komweko, dzuwa lili paliwombo. Posakhalitsa bokosi linayamba kudontha, madzi n'kunyowetsa thalauza langa kumbuyo. Amayi ogulitsa nsomba anandiona. Zimene ananena sindilemba.

Abusa anatsekula kabotolo kamodzi n'kununkhiza.

"Bambo, iyitu ndi mbuzi."

"Pemphererani basi."

Ndinatsekula timabotolo tonse kuti pemphero lilowe bwino. (Abusa athu pemphero lalifupi salidziwa.) Pofika pa ameni, ntchentche zinali zitasonkhana ngati pamaliro.

Kunyumba ndinapeza Malita ndi amake ali pakhonde. Malita anapisa dzanja m'bokosimo, n'kuyankhula motsitsa mawu. Kulalata kukanakhala bwino.

"Zafa zonse, Baba. Mawa m'mawa akuzidikira kuntchito. Ndinachita kupempha kuti anditume ine, poti ndi kwathu. Ndikawauza chiyani?"

"Chinthu chabwino sichifa ndi pemphero," ndinatero.

"Chafa ndi dzuwa!"

Kumsika anali ataweruka, ndipo mbuzi yoyamwitsa saipha tsiku lililonse. Amake a Malita anangotembenuza mutu n'kuyang'ana kukhola, komwe kunali thadzi langa lobereka mapasa.

"Nkhabe!" ndinakuwa. "Imeneyo ayi!"

"Nanga mwanayu achotsedwe ntchito chifukwa cha njinga yanu?"

Mpeni ndinanola ndekha. Ayisi ndinakagulanso ndekha kwa ogulitsa mafilizesi, thalauza lisanaume n'komwe. Malita anakwera minibasi bokosi lili pamiyendo, osandilola ngakhale kulinyamula. Nyama anadya oyandikana nawo nyumba, ndipo abusa analandira mwendo wathunthu. Tiana tambuzito ndimatiyamwitsa ndi botolo, munthu wamkulu ngati ine.

Patapita milungu ingapo, Malita anatumiza chithunzi pafoni ya amake: timibulu tonga mazira a achule.

"Mbuzi yanu ikukula bwino, Baba," anatero pafonipo.

Ndinamuuza kuti ikadzabereka, ana ake ndi anga. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinanene zoseketsa.

Amake amati ndivomere kuti ndinalakwa. Ndavomera. Bokosi lina likadzafika pakhomo pano, kwa abusa lidzapitabe, koma ndidzayamba ndagula ayisi wokwanira.