Chaka Chimene Dimba Langa Linabatizidwa

Wofuna kutsutsa atsutsiretu pano ndisanayambe, chifukwa ndikayamba sindiimira munthu, makamaka inu amene mumagwira msana mukathirira kamzere kamodzi ka mpiru. Ine Dzonzi, Apwitikizi asanachoke, ndinali ndi dimba kudambo la kumunsi kwa Domwe, dimba loti galu wanga anadzutsa gwape kumpanda uno, pokafika kumpanda winawo onse awiri anali atamera imvi. Mukumva? Kabichi, anyezi, matimati, nyemba, maungu, zonse zinali mmenemo, ndipo kamiyawu wa matropa, lole ya asilikali a Apwitikizi, ankachoka kutauni ya Vila kudzanyamula ndiwo kwa ine. Akazinso ndinali nawo awiri: Nangozo wamkulu, wa kolona m'khosi, ndi Naphiri wamng'ono, katswiri wa mowa, amene kuseka kwake kokha kunkandichotsa kutopa.

Chaka chimenecho mvula isanagwe kunatentha zoti achule ankanditsata pambuyo kupempha thukuta, chitsime cha m'dimba chinauma mpaka pansi pake panang'aluka, ine kungoyenda ndi maregadori awiri, zitini zothirira zija, opanda dontho, kabichi atagona chafufumimba ngati wamwalira kale. Nangozo pondimvera chisoni anatenga kabotolo ka madzi odalitsidwa amene anapatsidwa ndi apadiri a ku misawu, kumishoni kuja, nakakhuthulira m'chitsimemo. Abale inu, madzi anatumphuka ngati akuthawa moto, anandinyamula ine ndi khasu langa nkukandikhazika panthambi ya mkuyu, ndipo nditatsika ndinathirira dimba lonse mosaima mpaka zidendene zinamera ndere.

Chimene sindinaganize nchakuti munthu ukathira madzi amenewo pamutu pa chinthu, wachibatiza. Ndikulumbira, ndiwo zanga zonse zinalowa Chikhristu. Lamulungu sizinkakula, belu likalira ku misawu maungu ankagwada, anyezi ankaliza munthu mpaka aulule machimo, moti sipayi wina, wapolisi wa Apwitikizi, atadula mmodzi anapita yekha kukabweza nkhuku zimene analanda chaka chatha, ndipo matropa atadya nyemba zanga kwartelo yonse, kampu yawo ija, inanunkhira lubani sabata yathunthu, kapitawo akaphwisa asilikali nkumayankha kuti amen. Mukumva?

Zimenezo ndikanapirira. Vuto linali lakuti ndiwozo zinadziwa kuti mwini dimba ndi wamitala. Ndikafika ndi mpeni, kabichi ankauma mutu ngati mwala wa mphero, mipeni inatha kuthyoka, chikwanje chinabwerera nkundimeta ndevu mbali imodzi. Naphiri akangoponda pachipata, matimati akupsa ankabwerera kuuwisi, nyemba nkutsekera makoko. Wothyola anali Nangozo yekha, akuimba nyimbo za Maria, kabichi nkumadzigubuduza yekha kulowa m'dengu mwake.

Apadiri anabwera panjinga kudzaona, anavula chipewa pamaso pa kabichi, nkunena kuti ndisiye mkazi mmodzi. Ndinati, “Apadiri, inu mulibe ndi mmodzi yemwe, mungadziwe bwanji wosiya?” Koma Nangozo anali atamva kukoma. Anaima pakati pa mizere, manja m'chiuno, nati, “A Dzonzi, sankhani lero. Dimba kapena kamkazi kanuko.”

Taganizani, dimba ndinalikumba ndekha ndi manja awa, ndowe ndinasenza pamutu mpaka ntchentche zinkandipatsa moni ngati mbale wawo, ndiye ndilisiye? Nanga Naphiri ndimusiye chifukwa cha masamba? Ndinakhala pachulu nkuganiza kuti kodi Mkhristu amabwerera m'mbuyo ndi chiyani, ndipo ndinakumbukira akatekista athu mmene ankaimbira akachoka kumowa. Tsiku limenelo Naphiri anali atapita kuchigayo, ndipo kuseri kwa nyumba yake kunali tambolo, chimgolo chachikulu, lodzaza masese akupsa bwino, thovu likuchita kulankhula. Ndinalisenza ndi dzanja limodzi, linalo ndikuthamangitsira mbuzi, nkukalipendeketsa m'chitsime lonse, nkulibweza pamalo pake, kenako ndinathirira.

Dzuwa lisanapendeke dimba linali litagwa m'tchimo. Kabichi anamasula masamba ngati wavula malaya, anyezi anayamba kunamizira anthu milandu, matimati anafiira maso, nyemba zinaimba nyimbo zoti sindingazitchule pano pali apongozi, ndipo maungu anayanga kudumpha mpanda nkukakwatira m'madimba a eni, lina linawoloka malire kulowa ku Malawi popanda chiphaso, masipayi nkulithamangira ndi zingwe, koma linawasiya likubereka njira yonse, iwo akupunthwa pa ana ake. Ndinalowa ndi mpeni wobwereka, kabichi anachita kundipatsa khosi yekha. Mukumva? Nangozo anafika ndi kolona, dzungu lina linamugwira mwendo nkumufunsira. Matropa amene anadya ndiwo za sabata imeneyo anaguba chammbuyo mpaka ku Tete. Apadiri ananunkhiza mutu umodzi wa kabichi, kenako anamangirira thumba lathunthu panjinga, amvekere akukawapempherera kunyumba.

Ndinapambana, ndipo palibe mlimi wina ku Angoniya konse amene anabweza dimba lobatizidwa kuchikunja. Dimba langa, akazi anga awiri, ndinayenda chonyada kupita kumudzi kukamuuza Naphiri kuti sapitanso kulikonse.

Ndinamupeza ataima pafupi ndi tambolo lopanda kanthu, ufa uli pamutu. Mowawo sunali wogulitsa ayi, unali wa bona la malemu amayi ake, ndipo abale ake anali kale m'njira. Sanatukwane. Anangofunsa kuti, “Amayi anga mwawamwetsa kabichi?” Anatula ufa, anamanga nsalu zake, ulendo kwa amalume ake ku Dedza, ndipo maungu amene anathawira komweko amamuona kawirikawiri kuposa ine.

Ndiye mlandu uja anawina ndi kabichi, ndinatsala ndi mkazi mmodzi. Wotsutsa apite ku Dedza akamufunse Naphiri, adakali moyo, koma aime patali ndithu ndipo asatchule dzina langa.